Nsima ya a Chimbalanga Mumtsinje

Ana inu, munthu wamakani amatopetsa kuposa khasu. Funsani Nankhoma, mkazi wa a Chimbalanga.

Chaka china njala inavuta kwambiri m'mudzi mwawo. Nankhoma anakung'untha ufa wotsiriza m'lichero, naphika mitanda iwiri ya nsima, nakulunga m'masamba a nthochi. Anabereka mwana wake Tiyanjane, ulendo wa kudimba pamodzi ndi mwamuna wake. Mwanayo anali atagona ndi njala dzulo lake, ndipo nsimayo inali yoti adye masana.

Kudimbako anthu ankapachika chakudya panthambi ya mtengo, chingwe atachipaka phulusa kuti nyerere zisatsikire. Nankhoma atayamba kumanga chingwe, a Chimbalanga anamulanda phukusi lija.

"Zachikale izo! Nyerere imakwera mtengo. Koma unayamba waiona nyerere ikusambira? Ndikaika mumtsinje."

"Bambo a Tiya, nsima ndi ufa. M'madzi isungunuka."

"Nanga poiphika suthira madzi? Bwanji sisungunuka mumphika?"

Mayi wina wa dimba loyandikana nalo anati, "Achimwene, mverani akazi anuwo." Koma a Chimbalanga anangoti, "Nzeru zanga sindibwereka kwa munthu."

 Ha, zaka zonsezi Nankhoma anali atalankhula mpaka malovu kuuma! Anali wotopa, thupi ndi mtima womwe. Anangotola khasu lake. Bambowo anamiza phukusi m'madzi, nalitsindira ndi mwala.

Dzuwa litafika paliwombo, Tiyanjane anayamba kulira. A Chimbalanga anapita kumtsinje monyadira, nachotsa mwala uja. Anatulutsa masamba okhaokha, psiti! Madzi anali mbuu, timatemba tikutola nyenyeswa.

"Nsomba za kuno n'zakuba," anatero bambowo. "Koma waona? Nyerere sizinadyeko."

 Nankhoma anakhala pansi, napatsa mwanayo bere louma kuti angotonthola.

Kuyambira tsikulo anthu anawatcha bambowo Nzeruzayekha, ndipo mpaka lero timati, "Nzeruzayekha anaviika nsima m'madzi." Dzinali timapatsa munthu amene maganizo ake ndi okhota koma safuna kuwongoledwa. Sikuti saganiza ayi. Amaganiza kwambiri, koma payekha, ndipo pa cholakwa chilichonse ali ndi yankho. Chowawa n'chakuti amene amagona ndi njala chifukwa cha nzeru zotere kawirikawiri si mwini wake.