Chiwongolero cha a Benedicto

Pakhomo pa a Benedicto, kumunsi kwa phiri la Chongoni, galimoto inali itaima miyezi itatu osasuntha. Inali pikapu yakale yoyera, ya chiwongolero cholimba chofuna mphamvu za m'mapewa, ndipo kwa zaka zambiri inatuta mbatata ya kachewere ndi kabichi kupita nazo kumsika wa ku Linthipe. Tsopano nkhuku zinkasamba fumbi kunsi kwake, ndipo a Filomena, akazi awo a Benedicto, ankayanika nyemba kumbuyo kwake.

Eni galimotoyo anali atabwerako kunja kwa dziko, kumene madokotala anawachita opaleshoni ya mtima. Kuti afike pamtimapo anadula fupa la pakati pa chifuwa, ndipo atatha ntchito yawo analilumikiza ndi timawaya. Dokotala wa ku Lilongwe amene ankawaona atabwerako sanabise mawu.

"Bambo, chilonda cha pakhunguchi chipola msanga, chisakunamizeni. Fupa lili m'katimu ndilo limachedwa. Musanyamule cholemera, ndipo chiwongolero musachigwire kufikira ine nditakuuzani. Mukakwera galimoto muzingokhala ngati katundu."

"Katundu wake uti, adokotala, kachewere kapena kabichi?" anafunsa a Benedicto akuseka.

A Filomena sanaseke nawo. Atafika kunyumba anatenga cholembera n'kuzunguliza tsiku lodzaonananso ndi dokotala pa kalendala ya parishi, ndipo m'mawa uliwonse ankadula tsiku limodzi.

A Benedicto sanali munthu woipa, ndipo wowanena zoipa angachimwe. Ndiwo ankayambitsa nyimbo mumphakati mwawo, kagulu ka mabanja kamene kamapemphera pamodzi pakati pa sabata. Galimoto yawo inali ya mudzi wonse. Mayi woyembekezera ikamuthina, inali yomweyo. Munthu akamwalira kuchipatala, inali yomweyo, ndipo eni ake sankafuna n'komwe kuthokozedwa. Koma munda uliwonse uli ndi chitsa chake. Chitsa cha a Benedicto chinali chakuti chiwongolero chawo sichinagwiridwepo ndi munthu wina. Ngakhale Stefano, mkamwini wawo, mwamuna wa mwana wawo Hellen, amene ankayendetsa malole otuta matabwa kuchokera kunkhalango ya paini ya m'phiri la Dedza, ankaloledwa kuitsuka kokha.

"Iyi imamva ine ndekha," ankatero a Benedicto. "Wina akaigwira imachita mwano."

Nyengo yonse ya kudwalako a Filomena ndiwo anali manja awo. Inali miyezi yozizira, pamene mame amakhala ngati mchere pa udzu, ndipo iwo ankalawirira kufunditsa madzi, kuwadzutsa amuna awo pabedi powagwira kumsana kuti asatsamire mikono, kuwaveka malaya ngati mwana. Masana ankayenda nawo pang'onopang'ono kukafika patchalitchi n'kubwerera, akupemphera korona m'njira. Mulungu anamva. Nkhope ya a Benedicto inabwerera, mawu awo oimbira anabwereranso, ndipo chilonda chinauma n'kutsala mzere wofiirira. Pa kalendala panatsala masiku khumi ndi awiri.

Ndi m'masiku amenewo pamene anamwalira a Rafaelo.

A Rafaelo anali mnzawo wa a Benedicto wa paubwana. Anabatizidwa tsiku limodzi, analowa kwaya chaka chimodzi, ndipo pa matenda onse a mnzawoyo sankadumpha tsiku osabwera kudzakhala nawo pakhonde. Chibayo chinawagwira mwadzidzidzi, ndipo atagona masiku anayi kuchipatala cha ku boma anatsikira kuli chete. Awiriwa anali ndi pangano limene ankalinena moseka kuyambira kale, lakuti wotsala adzanyamula mnzake. "Mudzandinyamule inu," ankatero a Rafaelo, "koma m'mabampu mudzapite bwino, mukudziwa ndili ndi vuto la msana."

M'mawa wa tsiku lokatenga thupi, a Filomena anapeza amuna awo ataima pafupi ndi galimoto, atavala jekete lakuda, kiyi ali m'manja.

"Bambo a Hellen, kiyiyo mwatengeranji?"

"Ndikatenge mbale wanga."

"Mbale wanu atengedwa, ndipo ndi galimoto yomweyi. Akamwiniwa abwera kale, ayendetsa ndi iwo."

"Ndiye inu mukhala pati? Kutsogolo, phewa ndi phewa ndi mkamwini wanu? Anthu adzati pakhomo pa Benedicto mwambo unatha."

"Musabisale kumbuyo kwa mwambo, sukuphimbani," anayankha a Filomena mofatsa. "Ine ndikhala kumbuyo ndi azimayi anzanga, tiziimba. Inu khalani kutsogolo, manja pamiyendo. Sindinakusambitseni miyezi iwiri kuti mukadzing'ambe lero."

A Benedicto anapereka kiyi kwa Stefano ngati munthu wopereka mwana wake kwa mlendo. Ulendo wonse wopita ku boma sanasiye kulankhula. Giya mwasintha msanga. Dzenje ilo simunalione? Iyi si lole ya matabwa, bambo. Stefano ankangoti, "Ndamva, bambo," maso ali pamsewu.

Kuchipatala anthu anali atasonkhana kale. Bokosi analikweza kumbuyo n'kulimanga ndi zingwe, ndipo azimayi asanu anakwera n'kukhala mozungulira, a Filomena atawagwira dzanja amayi amasiye. A Benedicto anaima nthawi yaitali akuyang'ana bokosilo. Kenaka anazungulira galimoto n'kukaima pachitseko cha woyendetsa, pamene Stefano anali atangotsegula.

"Popita mwayendetsa inu, zikomo. Pobwerera ndi ine. Ndinalonjeza."

"Bambo, adokotala aja anati..."

"Adokotala sanaimbe naye munthuyu zaka makumi anayi. Masiku khumi ndi awiri n'chiyani? Fupa limadziwa kuwerenga kalendala? Patseni kiyi."

Stefano anayang'ana uku ndi uku. Panali akuluakulu a mphakati, panali abale a malemu, onse maso ali pa iwo. Kwathu kuno mkamwini salimbana ndi apongozi ake pagulu, ndipo pamaliro sipokanganirana. Akanakhala mwana wobala akanabisa kiyi m'thumba n'kupirira kukalipiridwa. Stefano anawerama n'kupereka ndi manja awiri, ndipo anakakhala mbali inayo.

A Filomena anaona zonse ali kumbuyo. Anagogoda padenga la galimoto.

"Bambo a Hellen, ndakupemphani."

Injini inalira, n'kumiza mawu awo. Mmodzi wa azimayi anayambitsa nyimbo ya ulendo wa kumwamba, ena anavomera, ndipo galimoto inanyamuka.

Pamsewu wa phula zonse zinayenda bwino, ndipo apa ndi pamene mayesero amakhalira okoma. A Benedicto ankayendetsa pang'onopang'ono, molemekeza amene ananyamula. Anayamba kuvomera nyimbo ya kumbuyo ndi mawu awo aakulu aja, misozi ikutsika m'masaya.

"Mwaona?" anatero kwa Stefano. "Imandidziwa."

Atapatuka kulowa msewu wafumbi wopita kumudzi, nkhungu inali itatsika m'phiri ndipo kunkawaza kamvula ka m'nyengo yozizira, kosanyowetsa munthu koma kokwanira kusandutsa dothi lofiira kukhala sopo. Patsogolo panali chitsikiro chopita kukamtsinje, chodzaza ndi ngalande zimene madzi a dzinja anakumba. Stefano anapempha motsitsa mawu kuti pamenepo pokha amulole iye. A Benedicto anapukusa mutu. Anali atatsikapo kambirimbiri.

Pakati pa chitsikirocho tayala lakutsogolo linagwera m'ngalande, chiwongolero n'kuzungulira chokha. A Benedicto anachita zimene manja awo anazolowera: anachikoka ndi mphamvu zawo zonse. Pomwepo anamva kanthu kakuthetheka m'chifuwa, ngati nkhuni youma ikamathyoka pabondo. Mpweya unawathawa, m'maso munada, mikono inagwa yokha. Stefano analumphira chiwongolero n'kukoka buleki ya pamanja, koma galimoto inali itayamba kale kutsetsereka chammbali. Sinali pa liwiro. Inapendekeka mwakachetechete n'kugonera m'khwawa.

Bokosi silinasunthe, zingwe zinagwira. Azimayi anayi anagwera muudzu n'kudzuka ndi mikwingwirima. Iwo anali atakhala pansi, atagwira zitsulo za m'mbali. A Filomena okha sanagwire kanthu. Kuyambira pamene galimoto inapatuka pa phula anali atagwada, nkhope ataigunditsa pagalasi lakumbuyo, akuyang'anira mapewa a amuna awo kuti aone ngati akumva kuwawa. Anagwa patali ndi anzawo, ndipo mutu wawo unafikira pamwala.

Anthu a m'midzi yapafupi anathamangira pamalopo. Bokosi la a Rafaelo analimasula, adzukulu n'kulisenza pamapewa mtunda wonse wotsala. Ovulala awiriwo anawakweza m'galimoto ya munthu wina wodutsa. A Filomena sanafike kuchipatala. Anapuma komaliza ali m'njira, mutu uli pamiyendo ya mayi wina wa mumphakati amene ankawanong'oneza pemphero la olowa m'manja mwa Ambuye.

A Benedicto anawapititsa ku Lilongwe. Timawaya tija tinali titamasuka ndipo fupa linali litatsegukanso, kotero kuti anawalowetsanso ku opaleshoni. Pamene belu la patchalitchi linkalira kuperekeza akazi awo kumanda, iwo anali gone, mapaipi ali m'mphuno, osadziwa kanthu. Munthu amene ananyamula maliro a mudzi wonse sanaponye ngakhale kadothi pamanda a mnzake wa paubwana, kapena pa a mkazi wake.

Atatsitsimuka anaona Hellen atakhala pambali pa bedi, atavala duku lakuda.

"Maliro a a Rafaelo anayenda bwanji?"

"Anayenda bwino, ababa."

"Mayi ako sanabwere? Andikwiyira, eti? Ali ndi chifukwa. Ukawauze kuti ndamva tsopano."

Hellen anangogwira dzanja la bambo ake n'kuliika pamphumi pake. A Benedicto anayang'ana duku lija kachiwiri, ndipo anazindikira kuti silinali la maliro a a Rafaelo. Anafuna kulira mokweza, koma chifuwa chosokedwa kawiri sichinalole. Misozi inkangoyenderera m'makutu.

Tsiku lotsatira kunabwera Stefano. Anagwada patali ndi bedi, chipewa chili m'manja.

"Bambo, mlandu ndi wanga. Ndikanakana kiyi uja."

"Dzukani, bambo. Inu munandilemekeza. Ine ndi amene ndinatenga ulemu wanu n'kuusandutsa mpeni."

Ansembe anabwera, a Benedicto analapa, ndipo ife amene timakhulupirira sitikayika kuti anakhululukidwa. Chifundo cha Mulungu n'chachikulu kuposa phiri la Dedza, ndipo mtima wosweka sautaya kunja. A mumphakati nawo sanawasale. Atatuluka m'chipatala ankasinthana kuwatungira madzi ndi kuwawazira nkhuni, ndipo Lachinayi lililonse mapemphero ankachitikira pakhonde pawo kuti asayende mtunda. Koma munthu wokhululukidwa amabwererabe kunyumba imene anaisiya. Usiku wozizira sunasiye kuzizira. Akafuna kudzuka pabedi ankadikira dzanja kumsana, kenaka n'kukumbuka. Mfumu Davide nayo inakhululukidwa, koma mwana amene inkamulirira sanabwerere kwa iyo.

Nyimbo sanayambitsenso. Akamaimba anzawo iwo ankangogwedeza milomo. Madzulo aliwonse ankayenda ndi ndodo kukafika kumanda, kumene mitanda iwiri yatsopano inaima motalikirana pang'ono, ndipo ankakhala pakati pake kufikira dzuwa litapendeka. Zimene ankalankhula kumeneko palibe anazimva.

Patapita miyezi inayi Hellen anawaperekeza ku Lilongwe pa minibasi. Dokotala yemwe uja anawagwira pachifuwa, anayang'ana zithunzi za fupa nthawi yaitali, ndipo anapumira m'mwamba. Nkhani yonse ankaidziwa, choncho analankhula motsitsa.

"Fupa lagwirana, bambo. Mtima ukugunda bwino. Ngati mukufuna, mutha kuyambanso kuyendetsa."

A Benedicto anamanga mabatani a malaya awo limodzilimodzi, kuyambira m'munsi mpaka pakhosi.

"Mawu amenewa, adokotala, ndi amene mayi a mwanayu ankawadikira. Anatsala ndi masiku khumi ndi awiri kuti awamve."

Anathokoza, anatenga ndodo yawo, n'kutuluka. Sanagwirenso chiwongolero kufikira lero.

Abale anga, lamulo la dokotala limaoneka ngati chingwe pamene thupi layamba kumva bwino, ndipo mtima sumasowa chifukwa chooneka choyera chodulira chingwecho. A Benedicto sanapite kumowa kapena kumalonda. Anapita kukakwaniritsa lonjezo kwa mnzawo, koma analikwaniritsa pa tsiku limene silinali lawo, ndipo wolipira anakhala amene anawakonda koposa. Fupa linalumikizika kawiri, galimoto anaiwongola amisiri, tchimo analifafaniza Mwini chifundo. Chimodzi chokha sichinabwezeke, ndipo n'chimene makolo athu ankanena pamene anati madzi akatayika saoleka.