Dengu Lomaliza la Mtsiro

Kalekale, tchalitchi chathu chikadali chaudzu, belu likadali khasu lakutha lopachika pamtengo, panali mayi wina dzina lake Nangondo. Khala pansi, Lonesi mwana wa mlongo wanga, kwaya siithawa. Vomera kuti tili tonse.

Nangondo ankadziwa kuzira. Ee, ankadziwa! Akatapa mtsiro kudambo, dothi lija lakuda bii, akaukanda ndi madzi, akagwada ndi mwala wake wokulungizira, pansi pankachita see. Ntchentche ikaterapo inkaterereka.

Loweruka lililonse ankazira tchalitchi. Panalibe wom'tuma. Ankangoti, "Nyumba ya Mulungu isakhale ndi fumbi."

Tsono njira yochokera kudambo inkadutsa pamphambano, pafupi ndi khomo la Nachanza, mayi wamasiye wa mpingo womwewo. Maso ake anali atachita nkhungu. Ana ake anapita kutali kukafuna ntchito, osabwerako. M'nyumba mwake munali fumbi lokhalokha, ndipo ukudziwa iwe, m'fumbi ndimo mumaswana matekenya. Analowa m'zala, analowa m'zidendene. Wom'chotsa panalibe. Mapazi anatupa. Anasiya kupita kutchalitchi, anasiya kupita kuchitsime.

Nangondo anadutsa, dengu lili pamutu.

"Mwadzuka bwanji, aNachanza?"

"Ndadzuka, kaya inu? Mapazi ndiwo andikana. Mukadandigawirako mtsiro pang'ono."

"Pepani, uwu ndi wa nyumba ya Mulungu. Loweruka linalo ndidzakhota. Ndikakupemphererani."

Loweruka linalo linafika. Anadutsanso, dengu lili pamutu.

"Loweruka linalo ndidzakhota. Ndikakupemphererani."

Linafikanso lina. Mawu omwewo.

Kupemphera ankapemphera ndithu, ndisam'namizire. Ankatchula dzina la Nachanza mokweza, mpingo wonse n'kuvomera kuti Ameni. Koma thekenya ndi chinthu chopanda ulemu. Silimva Ameni.

Akuluakulu amati zengerezu adalinda kwawukwawu. Koma apa zinandipweteka mtima, chifukwa wozengereza anali wina, wokwawa anali wina. Nachanza anayamba kukwawa.

Dzuwa linakula, dambo linauma gwaa. Ndipo kunamveka kuti abusa, amene ankafika kamodzi pachaka, akubwera Lamulungu kudzadyetsa Mgonero. Loweruka limenelo Nangondo anakumba, anakumba, anakumba, mpaka zikhadabo kuthyoka. Anapeza dengu limodzi lokha. Dzenje linathera pomwepo.

Anadutsa kwa Nachanza osapereka ngakhale moni, kuopa kupemphedwa.

Anazira, anazira, anafika pakati pa tchalitchi. Dzuwa linali pamutu. Msana unam'wawa, anatuluka kukatsamira khoma pamthunzi. Anamzeze ankalowa ndi kutuluka kutsindwi, kulowa ndi kutuluka, kulowa ndi kutuluka. Zikope zinalemera. Tulo tinam'tenga.

Analota ataima pakhomo la tchalitchi. Pamene anazira paja panali mapazi a munthu wopanda nsapato. Mapaziwo ankachokera kuguwa, kulunjika kukhomo. Olowa panalibe, otuluka okhaokha.

"Ndani wandipondera?" anakalipa.

Namzeze mmodzi anatera pamlomo wa dengu. "Mwini nyumba," anatero. "Watuluka."

"Watuluka bwanji, mawa kuli Mgonero?"

Namzeze anauluka, akuimba:

Tsata mapazi, Nangondo, tsata mapazi,
Mwini nyumba watuluka.
Tsata mapazi, Nangondo, tsata mapazi,
Wapita kumene kuli fumbi.

Nangondo anasenza dengu, anatsata. Thupi linali lopepuka, dengu losalemera. Udzu wouma unali wabiriwiri. Belu linkalira lokha kumbuyo, pang'onopang'ono, popanda woliimba.

Anakumana ndi nkhono ili pamwala.

"Nkhono, wam'ona mwini nyumba?"

"Wadutsa pompano. Wandilambalala kuti asandiponde."

"Wanena chiyani?"

"Sananene kanthu. Wathyola munga umodzi pamtengo uwo, wapita."

Namzeze ankaimbabe patsogolo. Tsata mapazi, Nangondo, tsata mapazi.

Anatsata, anatsata. Mapazi aja anafika pamphambano, anakhota. Anakhotera pomwe iye sankakhota.

Anasuzumira m'nyumba mwa Nachanza. Munali kuwala ngati kwa m'mawa mvula itakata. Munthu anali atagwada m'fumbi, atafulatira khomo. Mkanjo wake woyera unali utada m'mawondo. Phazi la Nachanza linali pamiyendo pake, ndipo ankachotsa matekenya ndi munga, limodzilimodzi, osafulumira. M'manja mwakemo munali zipsera.

Nangondo anachita mantha, anachita manyazi. Anagwada pakhomo.

"Ambuye, bwererani kwanu. Ndazirako bwino. Muno mudetsa zovala."

Munthuyo sanacheuke.

"Ndaona, Nangondo, ndipo ndathokoza. Koma ndikachotsa awa, ena alowanso mawa. Mtsiro watsala?"

Anadzidzimuka. Anali pakhoma pomwe paja, dzuwa litapendeka pang'ono. Anathamangira m'tchalitchi. Pansi panali see, popanda phazi ngakhale limodzi. Theka linali lozira, theka fumbi. Ndipo m'dengu munali mtsiro wokwanira theka lotsalalo, wina kunalibe.

Anaima pakhomo nthawi yaitali. Anaganiza za abusa. Anaganiza za amayi anzake ndi pakamwa pawo. Dzina lake lonse linali m'dengu limenelo.

Anasenza. Anafika pamphambano, anakhota.

"Odi, aNachanza!"

"Odini. Kodi ndi aNangondo? Mwasokera?"

Anam'nyamula, anam'khazika pakhonde. Anasesa, anawaza madzi, anazira. Kenako anafunditsa madzi, anathiramo mchere, anathyola munga, anaika phazi pamiyendo pake. Limodzilimodzi, limodzilimodzi, mpaka dzuwa kufiira.

Koma atafika pa chala chaching'ono cha kumanzere, dzanja linaima. Chalacho chinali chitafa kale. Anachibaya, mwini wake osamva.

Nangondo analira. Analira ngati mwana.

Nachanza anati, "Loweruka lililonse ndinkawamva mapazi anu akubwera. Ndinkati lero akhota. Ndiye ndinkawamvanso akupitirira."

"Ndikhululukireni, mayi."

"Ndakhululuka. Pukutani misozi, mundinyowetsera mabala. Bwanji pangodya apo, mwazirapo? Ndi pomwe ndimagona."

M'mawa mwake abusa anafika. Anthu anadzaza. Poimba nyimbo fumbi linakwera, abusa anayetsemula katatu asanayambe ulaliki. Amayi ananong'onezana, "Nangondo wayamba ulesi." Zinam'pweteka, usaganize kuti ayi. Anangoweramitsa mutu.

Potuluka, a Yosofati, mkulu wa mpingo, anam'itanira pambali.

"Mayi, mwatichititsa manyazi pamaso pa alendo. Mtsiro unapita kuti?"

"Bwerani mudzaone, bambo."

Anapita, amayi angapo akutsatira kuti akamve nkhani. Anaona pansi pozira bwino. Anaona mapazi omanga nsanza. A Yosofati anavula chipewa. Anayang'ana kudenga, anaona dzuwa likulowa m'mabowo. Lolemba anabwera ndi mtolo wa udzu. Amayi onong'onezana aja, wina anabwera ndi nkhuni, wina ndi mtsuko wa madzi.

Mvula yoyamba isanagwe, Nachanza anaimirira. Anayenda mpaka pakhomo. Mawa lake anafika pamphambano. Sabata linalo anafika kutchalitchi, ndodo ili m'manja, akutsimphina. Anakhala zaka zambiri akuyenda yekha, ndi zala zisanu ndi zinayi.

Cha khumi sichinabwerenso. Mpingo unapemphera, Nangondo anasala kudya, koma sichinabwerenso. Ndipo mpaka kukalamba kwake, akamuona mnzakeyo akutsimphina pamseu, ankadziwa kuti kutsimphinako ndi Maloweruka aja.

Wamva, mwana wa mlongo wanga? Kupemphera n'kwabwino, kuzira tchalitchi n'kwabwino, usakanene kuti malume aletsa. Koma pemphero lili ndi pakamwa pokha, manja limabwereka kwa iwe. Ukachedwa nawo, Mulungu amakhululuka ndithu, koma chala cha mnzako chimakhala chitapita.

Nthano yanga ndiye yathera pomwepo.