Minda Iwiri ya a Alufandika

Khasu la a Alufandika linkakhalitsa pakaliyala ya njinga kuposa m'nthaka. Bambowa anali mkamwini ku Chileka, kwawo kwa mkazi wawo Stella, kumene anapatsidwa munda wodyetsa ana awo asanu. Koma mtima wawo unali ku Chigaru, kufupi ndi Lirangwe, pamunda wa malemu amayi awo.

Kale munda umenewo munthu ankatopa kuuzungulira. Koma ana aakazi anakwatiwa, nawonso n'kubereka ana aakazi, aliyense n'kubwera ndi mwamuna wofuna polima. Mundawo unadulidwadulidwa mpaka a Alufandika anatsala ndi mizere makumi awiri, imene ankailondera ngati nkhuku ya anapiye.

"Bambo a Tikondane, thupi ndi limodzitu," anatero Stella ataona amuna ake akugawa pakati thumba limodzi lokhalo la feteleza. "Kunonso anthu achuluka. Amalume ananena kale kuti munda wogona adzaupereka kwa wina."

"Ndisiyire akamwini mizere ya amayi anga? Bola kufa."

Mvula yoyamba inawapeza ku Chigaru akukangana za malire ndi mkamwini wa achemwali awo. Pofika ku Chileka, anapeza chimanga cha anzawo chitamera kale. Stella, mwana ali kumsana, anali atadzala theka lokha, kwinako kuli thengo. Popalira zinali chimodzimodzi. Akangogwira khasu masiku awiri, uthenga unkafika woti uko asuntha malire, iwo basi panjinga. Zaka ziwiri zinatha choncho, munthu n'kumangoonda, chimanga n'kumatha Okutobala asanafike.

Chaka chachitatu a Solomon, amalume ake a Stella, anafika m'mawa n'kukhala pakhonde.

"Akamwini, sindinabwerere ndewu. Mng'ono wake wa Stella wabwerako kutauni, ntchito inatha, ana atatu ali m'manja. Ndimuike pati? Mbali yogona ija ndamupatsa."

"Komatu ndimati chaka chino..."

"Mwakhala mukutero."

Stella sanalire, sanalalate. Anangolowa m'nyumba.

"Usadandaule, tili ndi kwathu," anatero a Alufandika ataima pakhomo. Kenako anapalasa njinga ulendo wa ku Chigaru.

Atafika anapeza njerwa zitaunjikidwa pamizere yawo, amuna awiri akukumba maziko a nyumba. Achemwali awo a Caroline anali chilili pambali, manja ali kumbuyo.

"Achemwali, n'chiyani chimenechi?"

"Achimwene, mwana wanga Jennifer akugona m'kakhitchini ndi mwamuna wake, ndiponso ndi woyembekezera. Nditani ine? Inu munda muli nawo kuchikamwini. Ife tinkangokusungirani ulemu."

"Kumenekonso andilanda theka."

A Caroline anayang'ana pansi. Chisoni chinalipo ndithu, koma chisoni si malo.

"Mukanakhazikika komweko n'kumalima. Mwambo mukuudziwa, achimwene. Pano m'pa ana aakazi."

A Alufandika anafuna kukalipa koma mphamvu zinali zitawathera m'misewu. Anatembenuza njinga n'kuyamba kuikankha, osaikwera, popeza kumene ankapitako kunalibe chothamangira. Kunali Stella, ana asanu ndi theka la munda, ndipo choti akanene analibe. Akuluakulu sananame: mapanga awiri avumbwitsa.