Mlatho Umene Unasanduka Chipatala

Kalekale, koma osati kale la makolo, kunali mkulu wina wa boma dzina lake Mtambalika. Anapatsidwa ndalama zomangira mlatho pamtsinje wina ku Dedza. Anaika mwala wa maziko, anthu anavina, ndalamazo iye n'kusolola. Pa zoipa munthuyu mutu unkagwira. Anaolotsa ndalamazo kupita ku Zambia, n'kugula ng'ombe. Ng'ombezo anazidutsitsa kutchire mpaka ku Mozambique, n'kuzigulitsa, n'kumanga chipatala cha amayi oyembekezera m'dzina la mlamu wake. Phindu la chipatalacho linkamupeza masanasana, ngati la thukuta lake.

Woyamba kununkhiza nkhaniyi anali mayi Tiyanjane Mbendera, wofufuza milandu ku Malawi. Kwawo kunali tsidya la mtsinje womwewo, ndipo dzinja lina mng'ono wawo anafera pagombe ali ndi pakati, madzi atadzaza, chipatala chikuoneka patsidya. Analondola ndalamazo mpaka pa Mchinji. Mphamvu zawo zinathera pachipata cha m'malire.

Kumeneko nkhaniyi anailandira bambo Mabvuto Sakala, wapolisi wa ku Chipata, ku Zambia. Iwo anapeza kuti ng'ombe zozembetsedwazo zinasiya matenda m'midzi yonse imene zinadutsa, makola n'kutsala pululu. Alimi ankaopa kuchitira umboni munthu wamkulu, koma a Sakala anawalonjeza kuti akalankhula, adzawabwezera ng'ombe zawo. Alimiwo analankhula.

Wachitatu anali mayi Luisa Bandazi, woimira boma pamilandu ku Angonia, ku Mozambique. Mlamu uja anawatumizira galimoto yatsopano kuti atseke pakamwa, iwo n'kuibweza. Anamupanikiza mpaka anaulula mwini chipatala weniweni. Mtambalika anamangidwa, chipatala n'kulandidwa.

Atatuwo anakumana pakhonde pa chipatalacho. Womasulira sanafunike, pakuti onse ankalankhula chinenero chimodzi, ndipo mwina n'chifukwa chake mkangano sunachedwe.

"Anzanga, ichi ndi mlatho wathu wovala malata," anatero mayi Tiyanjane. "Chigulitsidwe, tikamange. Mvula ili pafupi."

"Achemwali, nanga alimi anga?" anatero a Sakala. "Chaka chino akulima ndi manja. Ndikawanamiza, mawa wakuba wina akadutsa adzangomuyang'ana."

Mayi Luisa analoza mzere wa amayi amene anakhala pansi pa mtengo wa mango. "Wogula alipo mmodzi yekha, ndipo akufuna kusungiramo fodya. Awawa anaba chiyani? Chipatala china chili kutali, ulendo wa tsiku lonse."

Mtengo wa nyumbayo unali wongokwanira chinthu chimodzi. Kugawa patatu kukanapereka theka la mlatho, ng'ombe zowerengeka, ndi chipatala chotseka.

Mayi Tiyanjane anayang'ana mzere uja. Kumapeto kwake kunali mtsikana wotopa, atagwira m'chiuno, msinkhu wake ngati wa malemu mng'ono wawo. Mtima unawawawa, pakuti anadziwa kuti kwawonso aliko wina wotere, ndipo iyeyo akuyang'ana mitambo. 

Popanda woyamba, kuba sikukanadziwika. Popanda wachiwiri, mboni sizikanalankhula. Popanda wachitatu, pakanakhala popanda cholanda. Ine nkhaniyi ndaitula pamaso panu. Tsono inu mutiuze: nyumbayo ikhale mlatho, ikhale ng'ombe, kapena ikhalebe chipatala? Ndipo awiri otsalawo akauze chiyani anthu akwawo?