Nambala Zisanu ndi Zinayi za a Zuze

Pa ofesi ina ku Luchenza, bwana Chikwekwe ankatchuka ndi masewera a manambala a m'nyuzipepala, aja odzaza 1 mpaka 9 m'timabokosi osabwereza nambala pamzere. Komatu wodzaza weniweni anali mesenjala wawo, a Zuze. Iwo ankalemba ndi pensulo, bwana n'kumangodutsamo ndi bolopeni.

Lachisanu lina a Zuze anapempha kuweruka msanga, athamangire chinkhoswe cha mphwawo.

"Simuchoka musanadzaze umu," anatero bwana. "Masana kukubwera mlendo."

Masewera a tsikulo anali ovuta zedi, basi nayo inali pafupi kunyamuka. A Zuze anangodzaza mwachisawawa, pamzere wapansi n'kulembapo nambala yawo ya foni, ulendo!

Bwana anadutsamo ndi bolopeni monga mwa masiku onse, n'kuonetsa mlendo uja. "Mphindi zisanu zokha, achimwene!"

Mlendo anayang'anitsitsa. "Ma 9 atatu pamzere umodzi? Iyitu ikuoneka ngati nambala ya foni."

Anaika ziro kutsogolo n'kuiimba, mawu a foni atawakweza, ofesi yonse ikumva.

"Halo, ndine Zuze," anayankha munthu ali m'basi. "Kodi ndi za manambala a bwana? Auzeni asadutsemo kaye ndi bolopeni, ndidzawadzazira bwinobwino Lolemba."