Mkeka wa Nankhoma

Makolo athu, akuluakulu amatero, anali anthu a kumapiri a kumadzulo, ndipo anatsikira kuno pothawa nkhondo imene inawotcha midzi yawo. Wowatsogolera anali Kanyumbu wa mfunda wa Nkhoma, amene miyendo inamukana m'njira, kotero anafika ali pa machira opachika pa mitengo iwiri ya mlombwa. Anali ndi mlongo wake Nankhoma, mayi wa Msampha ndi Nachiwe, ndipo mwa Nachiwe ndi momwe tinatulukira ambiri a ife.

Anapeza chidikha chosaoneka malire, udzu wobisa munthu wamtali, nthaka yakuda yobereka mapira mosanyinyirika, ndi mphepo yosapuma. Mtengo panalibe ngakhale umodzi. Mpaka lero ife tikati tikukwera phiri timanena chulu, ndipo anzathu a kumapiri amatiseka nazo.

Atakolola koyamba, mvula itayandikiranso, Kanyumbu anatsikira kulichete, ndipo mlandu unabuka, pakuti kwawo manda anali m'nkhalango, ndipo palibe amene anaonapo munthu akuikidwa poyera. Msampha, mphwake wa malemuyo, anasonkhanitsa amuna kuti abwerere ndi mtembo kumapiri.

"Amayi," anatero kwa Nankhoma, "malume sangagone padzuwa ngati mphale yoyanika. Mzimu umafuna mthunzi."

Nankhoma anadziwa kuti kumene kwapita maliro oyamba ndi kumene mudzi wonse udzatsatire, ndipo kumeneko mikondo inali isanazizire. Anayang'ana adzukulu ake amene anali atayamba kunenepa ndi mapira a pachidikha, nayankha kuti, "Mwananga, kumbani pompano. Ngati nkhani ndi mthunzi, alongo angawa ndiwapatsa ine."

Anaika maliro amuna akung'ung'udza. Nankhoma anazika mitengo ya machira ija, wina kumutu wina kumiyendo, koma mthunzi wake unali wochepa ngati wa ndodo. Pamenepo anatenga mkeka wake wogonera, naunyamula pamwamba pa mtumbira ndi manja ake, naimirira chomwecho kuyambira dzuwa likutuluka mpaka kulowa. Mawa lake anabweranso. Msampha ananena poyera kuti tsiku limene manja a mayi ake adzagwe, iye adzafukula malume ake n'kunyamuka.

Manja aja ananjenjemera, milomo inang'ambika, koma sanagwe, chifukwa Nachiwe anadzagwira ngodya ina, kenako akazi ena anayamba kulandizana, wina akapita kukayamwitsa wina n'kulowapo. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga limenelo linali la mkeka. Potsiriza Msampha yemwe, manyazi atamugwira, anabwera mwakachetechete nalandira ngodya ya mayi ake.

Mitengo ija inali itauma gwa pa ulendo wonse, yosalala ndi thukuta la mapewa. Koma mvula itagwa inatuluka madzi ofiira ngati magazi, niphuka masamba, ndipo mapira asanache nthambi zake zinali zitakumana pamwamba pa manda. Nankhoma anapinda mkeka wake, ndipo palibe ananenanso za kubwerera.

N'chifukwa chake malo ano amatchedwa Chimkeka, ngakhale alendo amaganiza kuti dzinali likunena za kusalala kwa dziko. Lero pali msika wa Lachiwiri, chigayo, sukulu ndi mipingo yopikisana kuimba, ndipo mkamwini aliyense, asanapatsidwe munda, amayamba wadzala mtengo m'mphepete mwa manda. Nkhalangoyo imaoneka munthu akadali kutali, ndipo ndi imene imalondolera osochera mu udzu.

Ine ndimathokoza kwambiri mayi ameneyu. Chaka chathachi tinaika mayi anga m'nkhalango momwemo, ndipo ngakhale mthunzi unali ponseponse, akazi a m'mudzi anatambasula mkeka pamwamba pa dzenje monga mwa mwambo. Mlongo wanga anandisiyira ngodya imodzi, ndipo manja anga anayamba kunjenjemera nyimbo yoyamba isanathe.