Nankhoma ndi Makiyi a Thanki

Kalekale, ana inu, amayi anu asanabadwe, kunali tauni yaing'ono m'munsi mwa phiri lotchedwa Kamphande. Pamwamba pa phirilo panali thanki, ndipo madzi ankatsika m'mapaipi mpaka kumipope ya m'tauni. Anthu anasankha mayi wina wamasiye, dzina lake Nankhoma, kuti azisunga makiyi a thankiyo ndi kuyang'anira madzi.

Mapaipi aja anali okalamba. Ankadontha m'misewu, moti pena pankamera mabango chilimwe chili pakati. Tsono Nankhoma anaitanitsa msonkhano.

"Mtengo wa madzi ukwere," anatero. "Ndowa zitatu zoyamba patsiku, banja lililonse lizilipira monga kale. Wopitirira pamenepo azilipira kawiri. Zoonjezerazo tigulire mapaipi atsopano."

Anthu anang'ung'udza, koma ambiri anakweza manja kuvomereza. Atatu okha anakanitsitsa, chifukwa ndiwo ankatunga madzi migolomigolo.

Woyamba anali Kadzamira, woumba njerwa. Anafika kwa Nankhoma akukoka mbuzi.

"Mayi, mbuziyi ndi yanu. Ine mundisiyire mtengo wakale."

"Bambo Kadzamira, kodi mbuziyi itseka paipi yodontha? Bwererani nayo."

Wachiwiri anali Nachuma, wofulula mowa, mlamu wake wa Nankhoma.

"Alamu, maliro a achimwene anga tinalira limodzi. Lero mukufuna kupha geni yanga?"

"Alamu, ine ndimakukondani. Koma mumatsuka migolo mpope uli chitsegulire, pamene akumtunda kwa msika atha masiku anayi osaona dontho. Mulipira ngati wina aliyense."

Nachuma anachoka osatsanzika.

Wachitatu anali Chipwaila, mwini ng'ombe zambiri. Iyeyu sanapemphe. Anazungulira msika wonse akunena kuti Nankhoma akufuna kudya ndalama za madzi. Ndipo tsiku lina masana anafika pakhomo pa Nankhoma ndi chigulu cha anthu.

"Iwe Nankhoma, bweza mtengo wakale, apo ayi upereke makiyi."

Nankhoma anayang'ana gululo ndipo mtima unamuwawa, pakuti munali nkhope za anthu amene anakweza manja pamsonkhano paja. Koma sanalire. Anamasula makiyi pansonga ya chitenje ndi kuwaika pansi.

"Makiyi ndi awo, tolani. Koma mawu anga sindibweza. Paipi yaikulu yochokera kuthanki sifika nthawi ya mvula."

Chipwaila anatola makiyi, ndipo mtengo unatsika. Anthu anavina. Madzi ankatayika paliponse, ena kuthirira pabwalo kuti fumbi ligone.

Tsono Okutobala atafika, dzuwa likuswa mtengo, paipi yaikulu inaphulika. Thanki yonse inakhuthukira m'chigwa. Chogulira paipi ina panalibe. Amayi anayamba kuyenda mtunda wautali kukatunga madzi akuda kudambo, ndipo ana anayamba kutsegula m'mimba. Dothi la Kadzamira linauma gwa. Migolo ya Nachuma inakhala pululu. Ng'ombe zinayi za Chipwaila zinafa.

Pamenepo anthu anabwereranso kwa Nankhoma. Anamupeza akusenda chinangwa pakhonde. Kadzamira ndiye anayankhula, chipewa chili m'manja.

"Mayi, tinalakwa. Landiraninso makiyi."

Nankhoma sanaleke kusenda.

"Mwabwera kwa munthu yemwe uja. Sindinasinthe. Mtengo ndi womwe ndinanena. Ndowa zitatu za wosauka asazikhudze munthu. Ndipo amene ananditcha wakuba abweze mawu ake pamsika pomwe anawanenera."

Chipwaila anakana masiku awiri. Tsiku lachitatu ng'ombe ina itagwa, anaima pamsika ndi kunena kuti ananama. Apo m'pamene Nankhoma anatambasula dzanja kulandira makiyi.

Anthu anasonkha, anakumba ngalande, ndipo mapaipi atsopano anaikidwa. Kadzamira anakumba dziwe losungira madzi a mvula oumbira njerwa. Nachuma anaphunzira kutseka mpope, ndipo patapita chaka anayambanso kulowa m'nyumba ya mlamu wake. Koma Chipwaila sanapatsenso Nankhoma moni mpaka imfa yake. Nankhoma sanasowe nazo tulo.

Tsono mumve, ana inu. Madzi amene tikana kuwalipirira lero, mawa tidzawasowa, ndipo oyamba kuvutika ndi ana aang'ono. Ndipo ukadziwa kuti zimene wanena n'zoona, usazibweze chifukwa choti okukuwiza ndi ambiri.

Nthano yanga yathera pomwepa.